Kathamanda Kamene Kanasanduka Nyanja ya Malawi

Mukaima pa gombe la Nkhata Bay m'mawa, madzi ali tantha mpaka polekezera maso, simungavomere kuti nyanja yonseyi inatsala pang'ono kuphwa. Anaulula chinsinsichi ndi matope a pansi pake, ndipo ine ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umangoti myaa!

M'chaka cha 2005 akatswiri a sayansi, mmodzi mwa owatsogolera ali Christopher Scholz wa ku Syracuse University ku America, anakweza makina oboolera pansi pa chombo cha Viphya. Pamalo pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600 anaboola mamita ena 380, n'kumatulutsa matope m'mapaipi monga amachitira anzawo pa nyanja zikuluzikulu zamchere. Matopewo anakhala akusanjikizana mwakachetechete kwa zaka zoposa miliyoni imodzi.

Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa chilala chadzaoneni, kangapo konse. Nyanja imene lero ndi yakuya mamita 700 inatsala ndi mamita ngati 125, madzi akenso amchere. Likoma ndi Chizumulu anali mapiri oti munthu n'kufikako wapansi. Tizigoba ta tizilombo tokonda madzi osaya tinapezeka pamene lero pali phompho, ndipo mungu wa mitengo unachepa. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi makala. M'matope a nthawi imeneyo makala anasowa, chifukwa dziko linauma moti ngakhale udzu woti moto wolusa unyeketse panalibe.

Kenaka, zaka pafupifupi 70,000 zapitazo, mvula inabwerera. Apa ndiye pokoma! M'matope apamwamba mukuchuluka zotsalira za nkhungu, touluka tija timaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja, tomwe mphutsi zake zimafuna madzi akuya. Mitsinje inasefukira, madzi anakwera n'kumiza zigwa, mapiri aja anasanduka zilumba. Miyala imene inkawauka ndi dzuwa inakhala mudzi wa nsomba za mbuna zamawangamawanga, zabuluu, zachikasu, mitundu mazanamazana imene kwina kulikonse padziko kulibe. Kathamanda kamchere kaja lero kakutipatsa chambo, usipa ndi kampango, ndipo mwera ukakalipa ngakhale asodzi odziwa amakokera mabwato kumtunda.

Inu mukadzakwera sitima ya Ilala kupita ku Likoma, mudzasuzumire m'madzimo. Mudzakhala mukuyandama pamwamba pa chigwa chimene kale chinali fumbi lokhalokha.