Khirisimasi ya m'buku la Dickens

Khadi la Khirisimasi lochokera ku England nthawi zambiri limakhala ndi nyumba zokutidwa ndi chipale chofewa, choyera kuti mbee. Ndiye ambiri timangoti kumeneko chipale chimagwa pa 25 Disembala chaka ndi chaka. Ndipo tingaganize bwanji mwina? Kuno mwezi umenewu timakhala tili kalikiliki kupalira chimanga, za kuzizira kwa kumeneko timangozionera pa zithunzi.

Koma funsani achibale amene ali ku London. Adzakuuzani kuti Khirisimasi zambiri kumangokhala mitambo ndi mvula yowaza. Chithunzi choyeracho chinafalitsidwa kwambiri ndi mabuku, makamaka a Charles Dickens. Iye anabadwa mu 1812, ndipo ubwana wake unagwera m'zaka zozizira koopsa. Mu 1814 mtsinje wa Thames unaundana mpaka anthu anakhoma misasa ya malonda pamwamba pake, ngakhale njovu anaiyendetsapo. Atakula, analemba za chisanu chomwe anakula nacho, owerenga n'kuyesa kuti ndi mmene zimakhalira nthawi zonse.

Ena amafika ponena kuti Dickens ndiye anayambitsa Khirisimasi ya kudyera limodzi ndi kupatsana mphatso. Apa sakunama kwenikweni, angowonjeza mchere. Buku lake la A Christmas Carol linatuluka pa 19 Disembala 1843, ndipo makope 6,000 oyamba anatha Khirisimasi isanafike. Chaka chomwecho Henry Cole anasindikizitsa khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa. Zinthu zikachitikira pamodzi chonchi, dzina lotchuka ndilo limatenga ulemu wonse.

Chikondwererochi chinalipo kalekale. Chinali champhamvu moti nyumba ya malamulo ya ku England inachiletsa mu 1647, n'kudzabwerera mu 1660. Nawonso mtengo wa Khirisimasi suchokera kwa Dickens: unafika ndi anthu a ku Germany a m'banja lachifumu, ndipo unatchuka mu 1848 nyuzipepala ina itatulutsa chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi Prince Albert ataima pa mtengo wawo. Kusimba nthano za mizukwa usiku wa nyengo yozizira unalinso mwambo wakale umene Dickens anangoupeza.

Chikhulupiriro chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti buku la A Christmas Carol ndi la ana. N'zomveka, poti ambiri tinayamba kulionera m'makatuni: nkhalamba youmira Scrooge, mizukwa yodzamuyendera usiku, ndi kamwana kolumala Tiny Tim.

Ana angalimve ndithu, koma Dickens ankalozera akuluakulu. Ali ndi zaka 12, bambo ake anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole, pomwe iye ankagwira ntchito m'fakitale ya polishi wa nsapato, komwe ankamata timapepala pa mabotolo tsiku lonse. Mu 1843 anawerenga lipoti la boma lonena za ana ogwiritsidwa ntchito m'mafakitale, ndipo mtima unamuwawa. Poyamba anafuna kulemba kapepala kodzudzula, kenako anaona kuti nthano ndiyo ingalowe m'nyumba za olemera. Kuyambira mu 1853 ankaliwerenga mokweza pagulu, ndipo ku Birmingham anapempha kuti tsiku lina mitengo yolowera itsitsidwe, kuti antchito wamba nawonso adzamve.