Mpeni Wopinda: Dziŵani Kaye Amene Anausula

Amayi anzathu, pali mphatso zina zimene zimatha chaka chisanathe, koma mpeni wopinda wosulidwa bwino ungachoke m'thumba la bambo n'kufika m'thumba la mdzukulu. Ukhoza kukhalanso wanu womwe: wosendera mango paulendo, wodulira masamba kudimba, wotumbulira nsomba, kapena wolumikizira mbande za malalanje. Tsono popeza mpeni wosulidwa pamanja ndi mmisiri mmodzi umadya ndalama zambiri, ndipo woipa umadula chala cha mwini wake, n'kwabwino kudziŵa zofunika kuyang'ana musanamasule mfundo ya pachitenje.

Choyamba ndicho dzina la mmisiri. Dzina la mudzi palokha silikwanira. Ku France kuli mudzi wa Laguiole umene unatchuka ndi mipeni yokhala ndi kanjuchi kachitsulo pamsana. Kwa zaka zambiri dzina limeneli linalibe mwini pamaso pa lamulo, kotero mipeni yochuluka yolembedwa Laguiole, ya kanjuchi komweko, inkapangidwa ku China ndi ku Pakistan. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anthu a ku Germany anachenjera msanga, pakuti m'chaka cha 1938 anaika lamulo loteteza dzina la mzinda wa Solingen. Kumeneko n'kumene kunabadwira mpeni wa Okapi m'chaka cha 1902, uja umadziŵika kwambiri m'maiko a kuno kumwera kwa Africa, ngakhale kuti kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa.

Okapi ngwa m'fakitale, ndipo ntchito umaigwira ndithu. Koma wofuna mpeni wochita kuitanitsa afunse kuti wosulayo ndani, anaphunzira kuti, ndipo ndani ali ndi mpeni wake umene wakhala zaka. Ku South Africa kuli bungwe la Knifemakers' Guild of Southern Africa, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1980, limene limayamba layesa ntchito ya mmisiri lisanamlandire. M'dziko lomwelo munachokera Chris Reeve wa ku Durban, amene anasamukira ku Boise, m'chigawo cha Idaho ku America, m'chaka cha 1989. Mpeni wake wotchuka anautcha Sebenza, mawu a Chizulu otanthauza kugwira ntchito. Mmisiri woona sachita manyazi kudinda dzina lake pachitsulo, ndipo amalonjeza kukonza mpeniwo ukadzavuta.

Chachiŵiri ndicho chitsulo. Zitsulo za mipeni zili m'magulu aŵiri. China n'chosavuta kunola pamwala ndipo chimathwa ngati lumo, koma chimachita dzimbiri chikagona chonyoŵa, ndiponso chimada chikadula mandimu kapena matimati. China n'chosachita dzimbiri msanga, chifukwa muli chromium wopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10. Kwa mayi wokhala kufupi ndi nyanja, kapena amene mpeni wake sutalikirana ndi madzi, chachiŵirichi ndicho chabwino. Funsaninso kuuma kwake. Amisiri amayesa ndi muyeso wa Rockwell, ndipo mipeni yabwino yambiri imakhala pakati pa 57 ndi 61. Chitsulo chofeŵa chimabuntha msanga. Chouma mopitirira chimabenthuka chikakhudza fupa. Mmisiri wolephera kutchula dzina la chitsulo chake, msiyeni.

Chachitatu, chimene chimasunga zala zanu, ndicho loko. Mpeni wopinda umavulaza pamene wadzitsekera wokha munthu ali m'kati mogwira ntchito. Banja la Opinel, limene linayamba kupanga mipeni yake ku Savoie m'chaka cha 1890, linaonjezera m'chaka cha 1955 kamphete kozungulira kamene kamagwira mpeniwo ukatseguka. Mipeni ina ili ndi kachitsulo kamene kamagwera kumbuyo kwake, ndipo ina ilibe loko, imangodalira sipuling'i. Pouyesa, utseguleni, mugwire chitsulo chakumsana ndi zala ziŵiri, n'kuyesa kuchigwedeza uku ndi uku. Chisagwedezeke konse. Mukautseka, chitsulo chigone pakati penipeni osakhula m'mbali, ndipo nsonga ibisike yonse kuti isang'ambe thumba kapena dzanja la mwana wopisa m'chikwama.

Chachinayi ndicho chogwirira. Chiyeseni m'dzanja la mwini wake, pakuti dzanja la mayi silifanana ndi la bambo. Mitengo yolimba monga phingo imakongola ndipo imakhalitsa, koma dziŵani kuti kuyambira 2017 malonda a phingo pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Za mnyanga wa njovu musayerekeze n'komwe, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ngwakale. Pangano lomwelo linaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko m'chaka cha 1989, ndipo mpeni wotere ungakutengereni kubwalo la milandu.

Lamulo likhudzanso kanyamulidwe. Amene muli ndi ana kapena abale ku Britain, kumbukirani kuti lamulo la kumeneko la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda wosapitirira mainchesi 3, ndipo ukhale wopanda loko. Wina uliwonse umafuna chifukwa chomveka. Motero mpeni umene uli wabwino kudimba ukhoza kumgwiritsa mwana wanu mumsewu wa ku London. Pokwera ndege, mpeni uikidwe m'sutikesi yopita pansi, osati m'chikwama cha m'manja.

Poitanitsa, zonse zilembedwe: kutalika kwa mpeni, mtundu wa chitsulo, chogwirira, mtengo, ndi mwezi umene udzathe. Mmisiri wodziŵika amakhala ndi mzere wa anthu, kotero kudikira miyezi ingapo si chachilendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Perekani gawo chabe la ndalama poyamba, zotsalazo mudzamalize mpeni utatha. Chenjerani ndi munthu wa pa intaneti amene akugulitsa mpeni wa dzina lalikulu pamtengo wa mpeni wa pamsika, pakuti mipeni yotchuka ndiyo imene akuba amakonda kuitsanzira.

Ukafika, usamaleni. Upukuteni mukatha ntchito, donthezani kadontho ka mafuta polumikizira pake, ndipo musauyese chotsegulira zitini kapena chomasulira zomangira. Ngati ndi mphatso, ku France ndi ku Britain ali ndi mwambo wakuti wolandira mpeni apereke kandalama kachitsulo kwa wopatsayo, kuti mpeniwo usadule chibale. Kandalamako mukalandire ndi manja aŵiri, ndipo mwala wonolera muupereke pamodzi ndi mpeniwo.