Mawu a kupha a m'Chingerezi ndi m'Chifalansa: anachokera kuti?

Munthu akaphedwa ku Chinsapo kapena ku Mgona, ife timangoti wakuti wapha mnzake. Nkhani ikafika ku bwalo lalikulu la milandu, Chingerezi chimaigawa pawiri, ndipo mawu amene asankhidwewo ndi amene amalamula kukula kwa chilango.

Murder

Awa ndi mawu akale a Chingerezi, morthor, amene ankanena makamaka za kupha mobisa. A Normandy atalanda England mu 1066, dera limene mwapezeka mtembo wa munthu wawo, wakupha osadziwika, linkalipira chindapusa chotchedwa murdrum. Mawu a Chifalansa oti meurtre ndi a mtundu womwewo. Kuno kwathu mlanduwu uli pa ndime 209 ya malamulo a milandu, ndipo chofunika kutsimikiza ndi mtima wofuna kupha kapena kuvulaza kwambiri. Kale wopezeka wolakwa ankangolamulidwa kunyongedwa, mpaka mu 2007 pamene mlandu wa Kafantayeni unapatsa oweruza mpata woyang'ana momwe zinthu zinachitikira. Boma linanyonga komaliza mu 1992.

Manslaughter

Apa mpamene achibale ambiri amapsera mtima. Mawuwa angolumikiza man, munthu, ndi slaughter, kupha ngati mmene amaphera ziweto. Mulibemo ngozi. Koma pa wailesi timamva kuti "kupha mwangozi", ndiye mayi wa ku Kawale amene anaona mpeni ndi maso ake amadabwa kuti ngoziyo ili pati. Mlanduwu, umene uli pa ndime 208, umakhudzanso amene wapha atakwiyitsidwa mwadzidzidzi mtima usanazizire, pa ndewu ya kumowa kapena atapezerera mkazi wake ndi mwamuna wina. Chilango chake chikhoza kufika pokhala kundende moyo wonse. Ine ndikuona kuti atolankhani akanamanena kuti "kupha osakonzekera", mabanja oferedwa sakanamaganiza msanga kuti wina wadya ziphuphu.

Kill ndi tuer

Kill poyamba ankatanthauza kumenya. Tuer, kupha m'Chifalansa, akatswiri ambiri amati anachokera ku mawu a Chilatini oti tutari, kuteteza: anayamba kunena za kuzimitsa moto, kenako kuzimitsa moyo.

Assassin

Mawuwa ndi a Chiarabu. Mu 1090 Hasan-i Sabbah analanda linga la Alamut m'dziko limene lero ndi Iran, ndipo omutsatira ankapha atsogoleri a adani awo. Adaniwo ankawanyoza kuti ndi osuta hashish, chamba chokonzedwa, ndipo dzinali linafika ku Ulaya kudzera mwa ankhondo ndi apaulendo. M'malamulo a ku France, assassinat ndi kupha kulikonse kokonzekera. M'Chingerezi mawuwa amasungira anthu otchuka, makamaka andale, monga Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu May 1983 boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto.

Génocide

Awa ndi atsopano. Loya wachiyuda wa ku Poland, Raphael Lemkin, anawapanga mu 1944 pophatikiza genos, mtundu wa anthu m'Chigiriki, ndi cide, wochokera ku caedere, kupha m'Chilatini, amene alinso mu homicide. Bungwe la United Nations linavomereza pangano loletsa mlanduwu pa 9 December 1948.

Ku Area 25, ku Biwi ndi ku Area 23 mawuwa si a m'mabuku okha. Ambiri mwa eni timagolosale amene timangowatchula dzina limodzi loti Maburundi anachokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo ena anathawa zoopsa za mu 1994, pamene Atutsi ochuluka zedi anaphedwa ku Rwanda m'masiku pafupifupi 100. Oganiziridwa kuti anapha nawo ena anafikanso kuno: Vincent Murekezi, wamalonda wa mu Lilongwe, anamangidwa mu 2016 ndipo anatumizidwa ku Rwanda mu January 2019. Mlandu wa génocide umasiyana ndi ina yonse chifukwa woimba mlandu ayenera kuonetsa cholinga chofafaniza mtundu, fuko kapena chipembedzo, kaya onse kaya gawo lawo.