Ndalama yachitsulo sikumbukira za dzulo

Pali mawu omwe ndimawamva kawirikawiri pakati pa achinyamata okonda kubetcha: "Ndaluza kasanu kotsatizana, ulendo uno wokha ndiphula." Ndikufuna tiwayese mawuwa pogwiritsa ntchito ndalama yachitsulo, ija woimbira mpira amaponya m'mwamba masewero asanayambe.

Ndalamayi ili ndi mbali ziwiri, tizitche mutu ndi mchira. Mukaiponya kamodzi, mwayi woti igwe mutu ndi theka. Mukaiponya kawiri, zotheka zilipo zinayi: mutu-mutu, mutu-mchira, mchira-mutu ndi mchira-mchira. Choncho mwayi wa mitu iwiri ndi 1 mwa 4. Kuponya kulikonse kowonjezera kumachulukitsa zothekazo kawiri. Mitu itatu yotsatizana ndi 1 mwa 8, pomwe mitu 10 ndi 1 mwa 1,024.

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Chiwerengero cha 1,024 chimagwira ntchito musanayambe kuponya. Ngati mutu wagwa kale ka 9, mwayi woti ugwenso ukadali theka lomwe lija. Chitsulo sichidziwa chomwe chinagwa kale, ndipo chilibe ngongole ndi munthu.

Katswiri wa masamu John Kerrich, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, anatsekeredwa ku Denmark asilikali a Germany atalanda dzikolo mu 1940. Ali m'ndendemo, iye ndi mnzake anaponya ndalama ka 10,000, ndipo mutu unagwa ka 5,067. Ndi pafupi kwambiri ndi theka, koma taonani: mchira sunabweze 67 wapamwambayo. Anangochepa mphamvu pakati pa maulendo zikwizikwi.

Kusadziwa izi kunasaukitsa anthu ku Monte Carlo mu 1913. Pa gudumu la njuga lokhala ndi malo akuda ndi ofiira, kampira kanagwera pakuda ka 26 kotsatizana. Anthu ankangothira ndalama pofiira, ati nthawi yake yakwana, mpaka matumba anauma.

Ena amati nzeru n'kuchulukitsa kawiri ndalama yobetcha ukaluza. Tiyeni tiwerenge. Mukayamba ndi K1,000, kenako K2,000, K4,000, mpaka kuluza ka 10, ndiye kuti mwataya K1,023,000. Ulendo wotsatira mufunika K1,024,000, ndipo mukapambana phindu lanu ndi K1,000 yokha. Kumbukiraninso kuti kampani yobetchetsa siyikupatsani mwayi wa theka ngati ndalama ija. Imawerengeratu masamu kuti gawo lake litsale.

N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi ndi makolo: tengani ndalama yachitsulo, ana aiponye ka 100 n'kumalemba zomwe zagwa. Adzionere okha kuti mitu inayi kapena isanu yotsatizana si chozizwitsa ayi. Mwana wodziwa zimenezi n'kovuta kuti adzanyamule ndalama ya fizi kapena ya feteleza n'kukaitaya poganiza kuti tsoka lake latopa.