Mwezi ndi umodzi, koma sitiuonera pamodzi

Chaka ndi chaka, likafika tsiku la 29 la Sha'ban kapena la Ramadhan, timaima pabwalo la mzikiti dzuwa litangolowa, maso ali kuzambwe. Nthawi zina kumwamba sikuoneka kanthu, chonsecho mafoni ayamba kale kulira kuti dziko lakutilakuti auona. M'banja limodzi wina amamasula mbale wake akadali pa funga, ndipo mawu olasa mtima amayamba kutuluka. Kodi alipo wanama? Kawirikawiri palibe. Yankho lagona pa kaumbidwe ka dziko limene Allah anatikhazikapo, nkhani imene akatswiri akale anaifufuza mozama.

Kalendala yathu imayendera mwezi basi. Mwezi umatenga pafupifupi masiku 29 ndi theka kuti ubadwenso, nchifukwa chake miyezi yathu imakhala ya masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chimakwana masiku 354 kapena 355. Chimachepa ndi masiku 10 kapena 11 pochiyerekeza ndi chaka cha dzuwa, motero Ramadhan imazungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33: timaifunga m'kutentha kwa Okutobala, kenako m'chisanu cha mwera, kenako m'dzinja. Chisilamu chisanadze, Aluya ankasuntha miyezi yopatulika momwe afunira, mchitidwe umene Surat At-Tawbah inauletsa. Kuwerenga zaka kunakhazikitsidwa m'nthawi ya Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) cha m'ma 638, kuyambira chaka cha Hijra, 622.

Zakuti dziko ndi lobulungira, ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi umboni pakhomo. Kukayera timaona nsonga za mapiri a kutsidya, koma mchenga wa gombe lake osauona. Sitima ikamadza kuchokera kutali, chimayamba kuoneka ndi chapamwamba, thunthu lake pambuyo. Chimabisa zapansizo ndi kukhota kwa madzi enieniwo.

Anthu akale sanalekere pa kuona, anayeza. Zaka zoposa 200 asanabadwe Mtumiki Isa (mtendere ukhale pa iye), Mgiriki wina, Eratosthenes, anamva kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, tsiku lina pachaka dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, pomwe ku Alexandria tsiku lomwelo chinthu choimirira chimaponya mthunzi. Atayeza mthunziwo anapeza kuti mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a ulendo wozungulira dziko lonse.

Asilamu anaupitiriza luntha limeneli chifukwa Swala inkalifuna: munthu sangadziwe Qibla ya mzinda wakutali asanadziwe pomwe mzindawo wakhala padziko. Cha m'ma 830, Khalifa al-Ma'mun wa ku Baghdad anatuma akatswiri a zakuthambo ku chigwa cha Sinjar kuti akayeze kutalika kwa digiri imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 360 a mzere wozungulira dziko. Zomwe anapeza zinayandikira kwambiri makilomita 111 omwe tikuwadziwa lero.

Al-Biruni, wobadwa mu 973 ku Khwarazm, anapeza njira yosalira ulendo wautali. Ali ku Nandana, m'dziko lomwe lero ndi Pakistan, anayeza kutalika kwa phiri, nakwera pamwamba pake, nayeza kutsika kwa chizimezime, pomwe thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko. Masamu ake anasonyeza kuti kuchoka pakatikati pa dziko kufika pamwamba pake pali makilomita pafupifupi 6,340. Zipangizo zamakono zimati 6,371. Nzeru yomweyi ndi imene imatiuza kuti ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tiziyang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kuvuma, tikamaswali.

Tsono popeza dziko ndi lobulungira, dzuwa sililowa nthawi imodzi paliponse. A ku Indonesia amaswali Magharibi ife tikadali masana, pomwe a ku Morocco amatsalira m'mbuyo mwathu. Mwezi watsopano nawo umatalikirana ndi dzuwa pafupifupi madigiri 12 patsiku, kutanthauza theka la digiri pa ola. Kamwezi kamene kanabisika m'kuwala kwa dzuwa kum'mawa kangathe kuonekera bwino kwa anthu a kumadzulo patangopita maola ochepa. Kukhala kumpoto kapena kumwera nakonso kumasintha kaimidwe ka mwezi pamwamba pa chizimezime. Tikaonjezapo mitambo ya dzinja ndi utsi wa lupsa, sizodabwitsa kuti awiri oona mtima apereke umboni wosiyana.

Maswahaba anakumana nazo zimenezi. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Kurayb, amene anauona mwezi wa Ramadhan ali ku Sham usiku wa Lachisanu. Atabwerera ku Madinah, Ibn Abbas (Allah asangalale naye) anamuuza kuti iwo anauona usiku wa Loweruka ndipo apitiriza funga potsata kuona kwawo. Sanamutche Kurayb wabodza. Pa nkhani imeneyi Maulama a madhhab a Shafi'i, omwe ambiri mwa ife timatsatira, anatsamirapo ponena kuti madera otalikirana aliyense atsate kuona kwake. Maulama ena ambiri anati mwezi ukatsimikizika dera limodzi, onse atsatire. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake, ndipo eni akewo ankalemekezana.

Choncho uthenga wa pa WhatsApp usatithamangitse kumasula kapena kunyoza wina. Tidikire chilengezo cha Masheikh omwe anapatsidwa udindowu m'dziko lathu, ndipo mbale wathu wa kunja atsate anzake a komwe ali. Ana athu tiwatengere kugombe madzulo a pa 29, tiwalozere pomwe dzuwa lalowera, tiwaphunzitse kuufuna mwezi ndi maso awo. Al-Biruni wina angathe kutuluka m'madrasa athu momwemu, Insha Allah.