Utoto wa Kunsi kwa Ilala

Anthu a m'minda ya tiyi ku Thyolo sazolowera kuona sitima ya pamadzi, komabe njanji imene inkapita ndi tiyi wawo ku Beira ndi yomweyo imene inabweretsa Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1949. Inadza m'zidutswa, kudzera pa Luchenza kunka kunyanja, ndipo atailumikiza ku Monkey Bay inayamba ntchito mu 1951.

Chitsulo chakale chotere chifuna chisamaliro, makamaka kunsi kumene diso la wapaulendo silifika. Pokonza, amisiri amatulutsa sitima m'madzi, napala ndere ndi dzimbiri kufikira chitsulo chitayera, pakuti utoto wopaka pamwamba pa dzimbiri suchedwa kusupuka.

Tsono nkhani yagona pa kusankha utoto. Sitima za m'nyanja zamchere amazipaka utoto wa mankhwala opha tizilombo tazigoba timene timamatirira kunsi. Kufiira kwake kuja kawirikawiri ndi mkuwa. Mankhwala ena, otchedwa tributyltin, anaononga zamoyo m'madoko kotero kuti pangano la mayiko lowaletsa linayamba kugwira ntchito mu 2008.

Nyanja yathu ilibe mchere, ndipo tizilombo toteroto mulibe. Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Ife tiona kuti wogula utoto ayenera kufuna wotchinga madzi kuti asafike pachitsulo, osati waululu, chifukwa utoto umasungunuka pang'onopang'ono m'madzi amene anthu a ku Likoma ndi Nkhata Bay amatunga akumwa, momwemonso muli usipa umene amalonda amakagulitsa m'misika ya ku Thyolo.