Foni Yatsopano: Chinsinsi Chake Chikhale Chanu

Nyengo ya usipa ikayenda bwino, mabanja ambiri kunyanja kuno amagula foni zamakono zija zongopalasa ndi chala. Si zoipa ayi, koma nkhani yonse yagona pa tsiku logulalo.

Musakopeke ndi kunyezimira kwa bokosi. Imbani *#06# ndipo paoneka manambala 15 otchedwa IMEI. Afananitseni ndi amene alembedwa pabokosi. Akasiyana, isiyeni foniyo, mwina ndi yobedwa. Lisiti musaiwale.

Msampha weniweni ndi pamene wogulitsa akuti, "Bambo, ndikukonzereni zonse." Mkulu wina m'mudzi mwathu anavomera. Mnyamata wa m'sitolo anawatsegulira akaunti ya Google, nasankha yekha mawu achinsinsi osawauza. Patapita miyezi, foni ija inagwera m'madzi iwo ali m'bwato. Atagula ina, manambala onse a makasitomala awo a nsomba a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sanathe kuwabweza, pakuti chinsinsicho chinapita ndi mnyamata uja amene anali atasamuka kalekale. Malonda anaima kwa milungu.

Choncho khalani pansi ndi mwana wanu kapena mbale wodalirika, mutsegule akauntiyo nokha, ndipo chinsinsi muchilembe m'kope losungidwa bwino m'nyumba. Simukhadi ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, monga momwe lamulo lakhala likufunira kuyambira 2018. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku ofesi. Ndipo musanakwere bwato, gulani kathumba kapulasitiki kosalowa madzi.